RET: jini limene limayala mitsempha m'matumbo a mwana

Mwana wobadwa miyezi yake itakwana amatulutsa chimbudzi choyamba, chakuda chomata ngati phula chija, pasanathe maola 24. Alipo ochepa ochedwerako, koma pofika maola 48 pafupifupi onse amakhala atachita. Nthawi imeneyi ikadutsa thewera lili mbee, kamimba n'kuyamba kufufuma ngati ng'oma, bere akulikana, kenako n'kusanza zobiriwira za ndulu, azamba amadziwa kuti zakudya zaima penapake. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi matenda a Hirschsprung. Thumbo la mwana wotere mulibe chotchinga chilichonse, njira ili pululu. Chosowa ndi maselo a mitsempha m'khoma la chigawo chakumapeto kwa thumbolo, ndipo pa majini onse amene akatswiri awapeza kuti amakhudzidwa ndi vutoli, lotsogolera ndi RET.

Kuno ku Mangochi mawu akuti majini akamveka, ambiri amaganiza za mizimu ija imagwira anthu. Majini a m'nkhani ino ndi ena: tizigawo ta DNA timene mwana amalandira kwa mayi ndi bambo ake, ndipo kalikonse kamasunga malangizo opangira puloteni inayake. Mawu akuti mitsempha nawonso amasokoneza chifukwa timatchulira ndi ya magazi yomwe. Muno tikunena yonyamula mauthenga.

Matumbo ali ndi mitsempha yawoyawo yambiri, maselo oposa mamiliyoni 100, yoyalidwa m'magulu awiri ngati maukonde. Ukonde wina uli pakati pa minofu iwiri ya khoma la thumbo, ndipo umatchedwa ndi dzina la Auerbach. Umenewu ndi umene umalamula kufinya ndi kumasuka kumene kumakankha chakudya. Wina, wa Meissner, uli pafupi ndi khungu la mkati, ndipo umayang'anira madzi otuluka ndi olowa komanso kayendedwe ka magazi. Munthu saganiza kuti nsima ndi utaka zimene wadya zitsike. Maukonde awiriwa amagwira ntchitoyo okha, ubongo umangothandizira patali.

Jini la RET lili pa kromozomu 10, umodzi mwa mitolo ya DNA ya m'selo, pamalo olembedwa kuti 10q11.2. Analipeza mu 1985 Masahide Takahashi ndi anzake ku Boston, akufufuza za khansa osati za matumbo. Dzinalo ndi chidule cha mawu achingerezi onena kuti DNA yake inadukizana ndi ina pamene ankailowetsa m'maselo a mbewa. Puloteni imene jinili limapanga imakhala yobayika m'chikuta cha selo ngati msomali m'thabwa la boti, mutu kunja, nsonga mkati. Mbali ya kunja ili ndi zigawo zinayi zofanana ndi puloteni yotchedwa cadherin, ndipo pakati pa chachiwiri ndi chachitatu pamakhala kalisiyamu. Popanda kalisiyamuyo puloteni sipindika bwino. Pafupi ndi chikuta pali chigawo chodzaza ndi cysteine, mtundu wa amino asidi (tizidutswa timene timalumikizana kupanga puloteni) umene umagwirana wiriwiri ngati mfundo za chingwe. Mbali ya mkati ndiye injini yake, yotchedwa tyrosine kinase, imene ntchito yake ndi kumata fosifeti pa amino asidi wotchedwa tyrosine. Selo limapanga RET ya mitundu ingapo yosiyana mchira wokha. Yodziwika kwambiri ndi RET9 ya ma amino asidi 1072 ndi RET51 ya 1114.

Pano ndi pamene pagona nkhani. RET payokha siimva uthenga. Uthengawo ndi puloteni ina yotchedwa GDNF, imene inapezeka mu 1993, ndipo kuti GDNF ndi imene imadzutsa RET zinadziwika mu 1996. Koma GDNF siingakhale pa RET mwachindunji. Imayamba yagwidwa ndi mkhalapakati wotchedwa GFRα1, amene amangolendewera kunja kwa chikuta, wopanda mbali ya mkati. GDNF imayenda iwiri yophatikana. Iliyonse imagwira GFRα1 mmodzi, ndipo awiriwo amakoka ma RET awiri n'kuwayandikizitsa, n'kukhala mtolo wa mapuloteni 6. Amene anaonapo chilimira akukokedwa amvetsa: ngalawa imodzi siingatseke khokalo, pamafunika mbali ziwiri zikumane. Ma RET awiriwo akangogundana, injini ya uyu imamata fosifeti pa mnzake, ndipo uthenga walowa m'selo.

GDNF ili ndi abale ake atatu, aliyense ndi mkhalapakati wake: neurturin imakonda GFRα2, artemin GFRα3, persephin GFRα4. N'chifukwa chake RET yomweyo imachita zosiyana m'ziwalo zosiyana. Chimene selo limve chimadalira mkhalapakati amene lili naye. M'matumbo a mluza, kamwana kongoyamba kupangika m'mimba mwa mayi, wolamulira ndi GDNF ndi GFRα1. Neurturin imabwera pambuyo kudzathandiza kuti nthambi za mitsempha zikule ndi kuchulukana.

Mkati mwa selo, tyrosine iliyonse yomatidwa fosifeti imasanduka pokocheza puloteni ina. Pa nambala 905, powerenga ma amino asidi a RET motsatizana, ndi poyatsira injini yeniyeniyo. Pa 981 pamakocheza Src, pa 1015 PLC-gamma. Pa 1096, pamene pamapezeka mu RET51 yokha, pamakocheza GRB2. Doko lalikulu ndi 1062. Pamenepa pamafika SHC, FRS2, IRS ndi mapuloteni a banja la DOK, ndipo kuchokera pamenepo uthenga umagawika njira ziwiri zikuluzikulu. Ya RAS ndi ERK imauza selo kuti ligawikane ndi kuyenda. Ya PI3K ndi AKT imaliuza kuti lisafe. Akatswiri atasintha tyrosine 1062 yokhayo pa mbewa, mitsempha ya m'matumbo inasowa m'chigawo chachikulu. Uthenga ukaperekedwa, puloteni yotchedwa CBL imaika chizindikiro pa RET kuti imezedwe ndi kuphwanyidwa. Kuzimitsa kumeneku n'kofunika mofanana ndi kuyatsa, monga tione kutsogoloku.

Maselo a mitsempha ya m'matumbo sabadwira m'matumbo. Amachokera m'mphepete mwa kachubu kamene kadzakhale ubongo ndi mtsempha wa msana, cha kukhosi kwa mluza. Amalowa m'thumbo cha kummero mluza uli ndi milungu pafupifupi 4, n'kuyamba kutsika, ndipo pofika mlungu wa 7 amakhala afika kumapeto. Mayi ambiri nthawi imeneyo amakhala asanayambe n'komwe sikelo. Pa mbewa, akatswiri anayeza kuti gulu lotsogola limayenda mtunda wosafika milimita imodzi pa tsiku, kwinaku thumbolo likutalika. Maselowa ali ndi RET ndi GFRα1. Khoma la thumbo ndi limene limatulutsa GDNF, ndipo maselo amalondola kumene yachuluka, ngati usipa ukutsata nyali ya siginala usiku wa mdima. Ali m'njiramo amayenera kuswana kwambiri, chifukwa akutsogolo amakankhidwa ndi kuchuluka kwa akumbuyo. Ena amatsalira n'kukhwima kukhala mitsempha. Akakhwima ambiri msanga, opitiriza ulendo amachepa. Chowaletsa kukhwima msanga ndi puloteni ina, endothelin-3, kudzera pa cholandirira chake EDNRB. Motero RET ndi EDNRB zimadalirana: kufooka pang'ono kwa iyi kukakumana ndi kufooka pang'ono kwa iyo, gulu limathera panjira.

Apa ndi pomvetsera chifukwa chake vuto limakhala kumapeto nthawi zonse. Chigawo chopanda mitsempha chimayambira potulukira chimbudzi kupita m'mwamba, ndipo kutalika kwake kumasonyeza pamene ulendo unathera. Mwa ana pafupifupi 80 pa 100 odwala matendawa, ndi kachigawo kakafupi kakumapeto kwa thumbo lalikulu. Mwa ochepa, osafika 10 pa 100, ndi thumbo lalikulu lonse. Mbewa zimene anazichotsera RET yonse mu 1994 zinabadwa zopanda mitsempha m'matumbo onse kuyambira kunsi kwa chifu, zopandanso impso kapena ndi impso zopuwala, ndipo zinafa tsiku lomwelo. Impso zinalowa m'nkhaniyi chifukwa mphukira imene imapanga njira za mkodzo nayonso imaphuka poitanidwa ndi GDNF.

Munthu ali ndi makope awiri a RET. Mwa odwala Hirschsprung, kawirikawiri kope limodzi ndi limene limakhala lolakwika kapena lofooka. Zolakwika zina zimadula puloteni isanathe. Zina zambiri zili m'mbali ya kunja ija: puloteni imapindika molakwika, selo limaigwira mkati n'kuiphwanya, osafika pachikuta. Zina zimapha injini. Zolakwika za m'malangizo a puloteni zotere zimapezeka mwa theka la mabanja amene matendawa amabwerezabwereza, ndi mwa 15 mpaka 20 pa 100 a ana amene kwawo kulibe mbiri yake. Komabe si aliyense wonyamula cholakwikacho amadwala. Bambo angakhale nacho moyo wake wonse osadziwa, mwana wake n'kubadwa wodwala. Pa mbewa, theka la RET limakwana. Ikatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, kumapeto kwa thumbo kumasowa mitsempha. Nkhani yonse ili pa mlingo.

Mlingowo umayendetsedwa ndi mapuloteni amene amakhala pa DNA n'kutsegula jinili, monga SOX10, PHOX2B ndi PAX3. Mu 2005 kunapezeka kusintha kwa chilembo chimodzi cha DNA, kotchedwa rs2435357, pamalo pamene SOX10 imagwira. Kusinthaku sikuwononga puloteni, kumangochepetsa kuchuluka kwake. Nkofala zedi kum'mawa kwa Asia, kulipo ndithu ku Ulaya, koma mwa anthu a mu Africa n'kosowa. Apa pali chenjezo kwa wowerenga mabuku a zachipatala: ziwerengero za majini zochokera ku China kapena ku Ulaya sizingakopedwe n'kuikidwa pa mwana wa ku Namwera. Padziko lonse matendawa amagwira mwana mmodzi pa ana pafupifupi 5,000, anyamata kanayi kuposa atsikana, ndipo ana a Down syndrome ali pachiopsezo chachikulu kuposa anzawo. Banja limene labereka mwana wotere, mwayi woti wotsatira adzakhalenso nawo ndi pafupifupi 4 pa 100, ndipo umakwera ngati chigawo chopanda mitsempha chinali chachitali. Palibe chimene mayi anadya, anaponda kapena analakwira ali woyembekezera chimene chinachititsa.

Thumbo lopanda mitsempha munthu angaganize kuti lingakhale lofewa, lolobodoka. Zimachitika n'zosiyana. Maselo osowawo ndi amenenso amauza mnofu kuti umasuke, potulutsa nitric oxide. Popanda iwo mnofu umangokhala chifinyire. Chigawo chabwino cha kumtunda chimalimbana kukankha, chimbudzi ndi mpweya zikuunjikana, mpaka chimakula ngati chubu cha matayala. Harald Hirschsprung, dokotala wa ana wa ku Copenhagen amene anafotokoza matendawa mu 1886, anaona thumbo lotupalo n'kuliyesa lodwala. Panadutsa zaka zoposa 60 kuti zitsimikizike, mu 1948, kuti lolakwa ndi laling'ono looneka bwino lija, ndipo chaka chomwecho Orvar Swenson ku Boston anasonyeza opaleshoni yolichotsa.

Si ana onse amaoneka m'masiku oyamba. Wa kachigawo kakafupi, akuyamwa bere lokha, angamachiteko chimbudzi chofewa patalipatali. Vuto limakula akayamba phala. Kenako ndi mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu wa chimimba chachikulu, miyendo yowonda, wosakwera sikelo, wotha mlungu osapita kuchimbudzi. M'mbali mwa nyanja muno chimimba cha mwana chili ndi ochiyambitsa ambiri: njoka za m'mimba, likodzo, kapamba wotupa ndi malungo, kunyentchera. N'zosadabwitsa kuti maganizo amayamba athamangira kumeneko. Funso limodzi limasiyanitsa: kodi atabadwa, chimbudzi chakuda chija anachita tsiku liti, ndipo kudzimbidwaku kunayamba ali khanda? Wachipatala akapima ndi chala, nthawi zambiri amapeza m'munsimo muli mopanda kanthu ndi mothina, ndipo akachotsa chalacho mpweya ndi chimbudzi chamadzi zimatuluka mwamphamvu, phwaa.

Choopsa kwambiri ndi kutupa kwa matumbo kumene kumabwera chimbudzi chikakhalitsa n'kuswanitsa mabakiteriya. Mwana amatentha thupi, mimba imafufuma mwadzidzidzi, amafooka, ndipo amatsegula m'mimba zonunkha kwambiri, nthawi zina za magazi. Msampha wake ndi womwewo: mwana wodzimbidwa akayamba kutsegula, kunyumba amati wamasuka. Ameneyu ndi wothamanga naye usiku womwewo. Kuchipatala amamuika diripu, amamupatsa mankhwala opha mabakiteriya monga metronidazole, ndipo amatsuka thumbo. Kutsukako amalowetsa kachubu kofewa mpaka kadutse chigawo chothina, n'kuthira madzi a mchere a kuchipatala ofunda, mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu iliyonse ya mwana, pang'onopang'ono, akuonetsetsa kuti olowawo akutulukanso. Madzi wamba sayenera, chifukwa thumbo lotupalo limawamwa n'kusungunula mchere wa m'magazi mpaka mwana kukomoka. Sopo kapena mankhwala azitsamba opopera kumatako amawotcha khoma lofooka kale, ndipo akhoza kuliboola.

Chotsimikizira matendawa si kuyeza majini. X-ray yothira mankhwala ooneka m'thumbo imasonyeza pamene chopapatiza chikukumana ndi chotupa, koma umboni weniweni ndi kachidutswa ka khoma kotengedwa masentimita 2 kapena 3 kuchokera kumapeto, n'kukaunika pa maikulosikopu ngati muli maselo a mitsempha. Kutenga m'munsi kwambiri kumanamiza, popeza pamenepo ngakhale mwana wabwinobwino amakhala ndi maselo ochepa. Opaleshoni yake ndi kudula chigawo chopanda mitsempha n'kutsitsa chabwino kudzachilumikiza pamwamba pang'ono pa potulukira, osawononga minofu yogwira chimbudzi. Pali njira ya Swenson, ya Duhamel ndi ya Soave. Mwana wobwera mochedwa, thumbo litakula kwambiri kapena atanyentchera, amayamba amuboolera pamimba kuti chimbudzi chizitulukira pamenepo, thumbo liphwe, thupi libwerere, ndipo kulumikiza kumachitika patapita miyezi. Makolo ambiri amaopa kabowoka, koma nthawi zambiri n'kosakhalitsa. Kwa mwana wa ku Makanjira ulendo ndi wautali: makilomita pafupifupi 100 kukafika kuchipatala chachikulu cha Mangochi, kenako ku Blantyre, kumene Mercy James Centre, pa Queen Elizabeth, inatsegulidwa mu 2017 kuti izichita maopaleshoni a ana. Ngakhale opaleshoni itatheka, kutupa kwa matumbo kuja kukhoza kubweranso, ndipo ana ena amachedwa kuphunzira kugwira chimbudzi.

RET siithera pa mluza. Mwa munthu wamkulu imapezekabe m'maselo a mitsempha ya m'matumbo, m'maselo a mu ubongo opanga dopamine amene amafa pa matenda onjenjemeretsa a Parkinson, m'maselo a mumsana oyendetsa minofu, ndi mwa ena omva ululu ndi kukhudza. Chifukwa cha zimenezi GDNF inayesedwa ngati mankhwala a Parkinson, kuipopera mu ubongo mwachindunji. Kafukufuku wa ku Bristol wa anthu 41, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, sanasonyeze kusiyana kokwanira pakati pa olandira ndi osalandira. M'khoma la thumbo mulinso maselo a chitetezo otchedwa ILC3 amene ali ndi RET, ndipo pa mbewa, akalandira uthenga amatulutsa puloteni yotchedwa IL-22 yolimbitsa khungu la mkati. Mu 2017 kunatulukira mkhalapakati wachisanu, GFRAL, amene amapezeka m'kachigawo kakang'ono ka kunsi kwa ubongo kolamulira nseru ndi chilakolako cha chakudya. Ameneyu amagwira puloteni ya m'magazi yotchedwa GDF15 n'kudzutsa RET, munthu n'kusiya kufuna kudya. GDF15 imakwera kwambiri mayi akakhala woyembekezera, ndipo ndi imene yalumikizidwa ndi kusanza kosalekeza kumene kumagoneka amayi ena oyembekezera m'chipatala.

Nanga RET ikapyola mlingo? Mu 1993 kunapezeka kuti ndi jini lomweli limene limayambitsa khansa yoyenda m'magazi a banja yotchedwa MEN2. Mu mtundu wa 2A, kawirikawiri cysteine ya pa nambala 634 ndi imene yasintha. Mnzake amene imagwirana naye amatsala yekha, n'kukagwirana ndi wa RET ina. Ma RET awiri amamangika pamodzi popanda GDNF, popanda mkhalapakati, ndipo injini imangolira osazima. Mu mtundu wa 2B, oposa 90 pa 100 ali ndi kusintha pa nambala 918, mkati mwa injini mwenimweni. Zotsatira zake zimaonekera m'maselo amene amakhala ndi RET yambiri: maselo a m'chithokomiro, chiwalo cha pakhosi, opanga homoni yotchedwa calcitonin amasanduka khansa, ndipo tiziwalo ta pamwamba pa impso timatupa n'kumakweza magazi mwadzidzidzi. Pasakhale mantha apa: zotupa za pakhosi zambiri zimene timaona m'midzi sizikhudzana ndi RET. Kwa amene atsimikizika kuti ali ndi cholakwika cha 918, malangizo a madokotala ndi kuchotsa chithokomiro mwana asanathe chaka chimodzi; wa 634 asanapitirire zaka 5. Mwana wa 2B nayenso amadzimbidwa ali khanda, koma iye mitsempha m'matumbo yachita kuchuluka n'kupanga timatumphu. Timatumphu tomweto timamera palilime ndi pamilomo, ndipo ambiri amalira osatuluka misozi.

Palinso RET yodukizana ndi jini lina m'selo limodzi la munthu wamkulu, osati yotengera kwa makolo. Imapezeka mwa 1 kapena 2 pa 100 a khansa ya m'mapapo ya mtundu wofala, ndi m'khansa zina za chithokomiro, makamaka mwa ana amene anakhudzidwa ndi ngozi ya 1986 ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl. Mankhwala otseka injini ya RET, selpercatinib ndi pralsetinib, anavomerezedwa ku America mu 2020. Mbali ya kuchepa, mankhwala kulibe. Ku Montreal, mu 2020, akatswiri anapopera GDNF m'thumbo la mbewa zobadwa ndi matendawa, maselo atsopano a mitsempha n'kumera, mbewa zambiri n'kukhala ndi moyo wautaliko. Kwa mwana wa munthu, chithandizo chikadali mpeni wa dokotala.

Zolakwika zinayi, pa cysteine 609, 611, 618 ndi 620, zimachita zonse ziwiri nthawi imodzi. Puloteni yambiri imakanirira mkati osafika pachikuta, ndiye m'thumbo la mluza uthenga umachepa. Yochepa imene yafikayo imamangika iwiriiwiri n'kumalira yokha, ndipo patapita zaka chithokomiro chimadwala. Mwana amene anachitidwa opaleshoni ya thumbo ali khanda angathe kudzadwala khansa ya pakhosi atakula. Ndi ochepa, koma n'chifukwa chake dokotala amene wapeza Hirschsprung amafunsa ngati kuchimuna kapena kuchikazi kuli amene anachitidwa opaleshoni ya chithokomiro, kapena anamwalira mwadzidzidzi ndi kuthamanga kwa magazi akadali wamng'ono. Yankho likakhala inde, magazi a mwanayo ndi a makolo ake ndi oyenera kuyezedwa jinili, ndipo calcitonin yawo iziyezedwa nthawi ndi nthawi.